N'chifukwa chiyani botolo limagulidwa pasikelo koma tayala limakanidwa?

Aliyense amene wakhalako ku Joni amawadziwa anthu a matrole aja. Tsiku lotolera zinyalala amafika m'bandakucha, lole ya Pikitup isanadutse, n'kuyamba kuvundukula bini ndi bini. Dzuwa likamakwera mumawaona akutsetsereka m'mbali mwa msewu ndi chithumba chotalika kuposa iwo eni. Kuno amawatcha bagerezi. Bungwe la kafukufuku la CSIR linayerekezapo kuti pa mapepala ndi zopakiramo katundu zimene zimakonzedwanso m'dziko muno anthu atazitaya, 80 mpaka 90 pa 100 zilizonse zimadutsa m'manja mwa anthu amenewa. Ngati mu Johannesburg muli odziwa pulasitiki, ndi iwowa.

Tayang'anitsitsani mmene amasankhira. Botolo loyera la chakumwa amaliponda n'kuliika pakepake. Lobiriwira ndi lofiirira amaika pena, chifukwa mtengo wake ndi wotsika. Chigubu cha mkaka pena, ndowa yosweka pena. Koma chogwirira poto chakuda chija, mbale yosweka ya melamaini, siponji ya matiresi, chidutswa cha denga la faibagalasi ndi tayala lakutha amangozilambalala. Wapasikelo sagula zimenezi, ndipo sikuti ndi nkhanza. Fakitale imene iye amagulitsako ilibe chochita nazo, popeza ukaziika pamoto sizisungunuka, zimangopserera n'kumanunkha. Kwa zaka zoposa 20 tsopano akatswiri a kemisitiri akhala akufufuza njira yoti zinthu zosasungunukazi zizitheka kuumbidwanso, ndipo pa ulendo womwewo atulukira zinthu zimene zikang'ambika zimapola zokha. Nkhani ziwirizi zimamveka ngati zosiyana, koma muzu wake ndi umodzi.

Ulusi ndi ukonde

Pulasitiki aliyense, mphira, nayiloni, ngakhale thonje ndi sitalichi wa mu ufa, zonsezi ndi mapolima. Polima ndi molekyu (maatomu ogwirana pamodzi) yaitali kwambiri, yopangidwa polumikiza timamolekyu ting'onoting'ono tofanana, kena pambuyo pa kanzake, mpaka masauzande. Hermann Staudinger wa ku Germany atanena zimenezi mu 1920, anzake ambiri sanamukhulupirire. Iwo ankati molekyu singatalike chotero. Anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1953. M'mayiko ambiri timamolekyu toyambira timachokera ku mafuta a pansi panthaka ndi gasi, koma kuno nkhani ndi ina pang'ono: ku Secunda kampani ya Sasol imasandutsa malasha kukhala mafuta ndi magasi, ndipo pakati pa magasiwo pali ethylene ndi propylene. Mukalumikiza ethylene mumapeza polyethylene, wa majumbo ndi zigubu. Mukalumikiza propylene mumapeza polypropylene, wa mipando, ndowa ndi mabampala a galimoto. Choncho mpando woyera uja timakhalira pamaliro ukhoza kukhala kuti unayamba ngati malasha a ku Mpumalanga.

Taganizirani za msodzi amene ali ndi mulu wa ulusi umene sanayambe kuluka. Ulusi uliwonse uli pawokha, wangopiringizana ndi unzake. Mukaugwedeza mokwanira mukhoza kusolola umodzi umodzi. Umu ndi mmene alili mapulasitiki a gulu loyamba, otchedwa thermoplastic. Akazizira, ulusi wake umagwirana n'kuuma. Akatenthedwa, ulusiwo umayamba kunjenjemera n'kumatsetsereka pa unzake, ndipo pulasitikiyo amayenda ngati madzi olemera. Mumamuthira mu chikombole, azizire, chinthu chatsopano chatuluka. Koma msodzi uja akamanga mfundo pamalo alionse pamene ulusi wakumana, zatuluka zina: ukonde. Simungasololenso ulusi umodzi. Ili ndi gulu lachiwiri, la thermoset, ndipo tayala lonse lathunthu tinganene kuti ndi molekyu imodzi yaikulu. Vuto lili apa: mfundozo n'zolimba pafupifupi mofanana ndi ulusi womwewo. Moto woti umasule mfundo ndi womwewo umene umanyeketsa ulusi.

Gulu loyambali limaoneka bwino m'magalaja a mu msewu wa Jules, kuchokera ku Jeppe mpaka ku Malvern. Wokonza bampala yong'aluka amayamba waitembenuza n'kuyang'ana zilembo zodindidwa kumsana kwake. Akaona PP, kutanthauza polypropylene, amakadula kachingwe pa bampala ina yakutha yokhala ndi zilembo zomwezo. Amapala penti, n'kusema kangalande m'mng'alumo, kenako ndi mpweya wotentha kapena chitsulo chowotcherera amasungunula milomo yonse iwiri ya mng'alu pamodzi ndi kachingwe kaja, akukanikiza pang'onopang'ono. Akalakwitsa n'kutenga kachingwe ka mtundu wina, kamaoneka ngati kagwira, koma kakazizira kamatuka ndi chikhadabo. Kumudzi amachita zomwezi anthu owotcherera ndowa ndi mabeseni ndi chitsulo cha pambaula. Chimene chimachitika m'katimo n'chakuti ulusi wa mbali iyi umawolokera mbali inayo n'kukapiringizana ndi wa uko, mpaka malire aja atafafanizika. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa kupola kulikonse kumene tikambe kutsogoloku ndi komweku: china chake chiyenera kuwoloka mng'alu n'kukagwira tsidya linalo.

Tisafulumire kuganiza kuti gulu losungunukali lilibe mavuto. Manambala 1 mpaka 7 amene amadindidwa pansi pa botolo, m'kati mwa timivi titatu, anayamba mu 1988, ndipo amangonena mtundu wa polima basi. Sakulonjeza kuti pali amene adzachikonzenso. Mapolima osiyana sasakanikirana ngakhale atasungunuka. Polyethylene ndi polypropylene, ngakhale kuti ndi pachibale, mukawasungunula pamodzi aliyense amadziunjika payekha, ndipo chotulukapo chimathyoka msanga. PET wa mabotolo a zakumwa, wa nambala 1, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, koma PVC wa mapaipi akafika pa kutentha kotero amawonongeka n'kutulutsa asidi, ndipo tizidutswa tochepa chabe timadetsa katundu wambiri. N'chifukwa chake kusankha ndi manja kuli kofunika chotere. Kufakitale amathandizidwanso ndi madzi: akaphwanya botolo pamodzi ndi chivindikiro chake n'kuthira mu thanki, tizidutswa ta PET timamira, ta chivindikiro timayandama.

Kusungunula kulikonse kumadulanso ulusi, makamaka PET akakhala ndi chinyontho. Ulusi ukafupika mphamvu imachepa, n'chifukwa chake kwa nthawi yaitali botolo lakale linkangokhala thonje la m'mapilo ndi m'maduveti. Kuti libwerere kukhala botolo la chakumwa, amaliumitsa n'kulisunga pa kutentha kwakukulu kwa maola ambiri popanda mpweya, kuti nsonga zoduka zilumikizanenso ndipo zonyansa zituluke. Ntchito imeneyi imachitika pafupi pomwepa, ku Wadeville ku Germiston, kumene kampani ya Extrupet inatsegula mu 2015 makina osandutsa botolo kukhala botolo. Koma utoto sungachotsedwe ndi moto, ndiye chifukwa chake lobiriwira limatsika mtengo. Nanga paketi ya tchipisi? Imeneyo ndi timapepala tingapo tomatidwa pamodzi, kuphatikizapo kansalu kopyapyala ka aluminiyamu, ndipo palibe woilekanitsa. Mu 2017 Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law anawerengera pulasitiki yense amene anthu apanga chiyambire: matani 8.3 biliyoni. Pa matani 6.3 biliyoni amene anali atatayidwa pofika 2015, okonzedwanso anali 9 pa 100 alionse, owotchedwa 12, ndipo 79 anali kumtaya kapena atangomwazika.

Gulu la ukonde lili ndi mbiri yakale. Mphira wochokera mu mtengo amanata kukatentha, kukazizira n'kuuma gwa. Charles Goodyear anapeza kuti akamuphika ndi sulufule amasiya khalidwe limeneli, ndipo analembetsa njirayo mu 1844. Iye sankadziwa kuti maatomu a sulufule akumanga mfundo pakati pa ulusi, koma n'zimene zinkachitika. Mu 1907 Leo Baekeland anapanga Bakelite, pulasitiki woyamba wopangidwa ndi anthu kuyambira pachiyambi, wa zogwirira mapoto ndi masoketi akale. Pambuyo pake panabwera guluu wa epoxy, siponji ya polyurethane, utomoni womangira faibagalasi. Ndipo mfundozi timazifuna. Basi yodzaza katundu ikamakwera N1 kulowera ku Beitbridge mu December, phula likuwotcha, palibe amene angafune tayala losungunuka. Soketi ya hita ikatentha, tikufuna ikhale chiumire. Mphamvu imene timaigula ndi ndalama tsiku logula ndi yomweyo imene imatisowetsa pogwira tsiku lotaya.

Tayala lakutha lilibe njira zambiri. Amalipera n'kukhala timiyala ta mphira toika m'mabwalo a masewera kapena tosakaniza ndi phula, ena amaliwotcha m'ng'anjo zopangira simenti, ena amaliphika kuti atulutse mafuta. Njira zomasula mfundo za sulufule zilipo, koma pomasulapo ulusi nawonso umaduka, ndipo mphira wotulukapo ndi wofooka moti amangomusakaniza pang'ono ndi watsopano. Boma la South Africa linaika msonkho wa R2.30 pa kilogalamu ya tayala, ndipo ndondomeko ya REDISA inayendetsa zotolera matayala kuyambira chakumapeto kwa 2012 mpaka mu 2017 pamene inagwa m'milandu ndi boma. Utsi wakuda umene umaoneka m'malokeshoni m'nyengo yozizira, anthu akuwotcha matayala kuti aothe ndi kuchotsamo waya wokagulitsa, ndi mbali ina ya nkhani yomweyi.

Mfundo zomasuka pa nthawi yake

Njira yoyamba imene inatchuka sinakhudze mfundo n'komwe. Mu 2001 Scott White, Nancy Sottos ndi anzawo a ku yunivesite ya Illinois anasakaniza mu epoxy timakapisozi tochepa kuposa mchenga, todzaza madzi otchedwa dicyclopentadiene. Mu epoxy momwemo anamwazamonso mankhwala ofulumizitsa, amene akatswiri amati catalyst. Mng'alu ukayamba kuyenda umaswa timakapisozi timene wakumana nato, madzi aja amatsikira m'mng'alumo, n'kukumana ndi catalyst, n'kuuma kukhala polima yatsopano yomata mbali ziwirizo. Zoyesera zawo zinabwezeretsa kulimba mpaka 75 pa 100, popanda munthu kukhudzapo. Catalyst wakeyo ndi wa Robert Grubbs, amene analandira Nobel mu 2005, ndipo pakati pake pali chitsulo cha ruthenium, m'bale wake wa pulatinamu. Chochuluka cha chitsulochi chimakumbidwa konkuno ku South Africa, ndipo mtengo wake si wamasewera. Kupatula mtengo, njirayi ili ndi chilema choonekeratu: kapisozi kakasweka kasweka. Malo omwewo akang'alukanso mulibenso mankhwala. Mu 2007 gulu lomwelo linayesa kuika timipaipi tolumikizana m'malo mwa timakapisozi kuti madzi azibwera kangapo, koma kupanga zoterezi n'kovuta. Komanso zonsezi sizithandiza pa kukonzanso, chifukwa epoxy uja akadali ukonde womwe uja.

Kusintha kwenikweni kunabwera pamene anthu anafunsa kuti, bwanji mfundo zomwezo zikhale zomasuka tikafuna? Mu 2002 gulu la Fred Wudl ku Los Angeles linagwiritsa ntchito kalumikizidwe kodziwika kuyambira 1928, kotchedwa Diels-Alder, kamene kamagwirana kukazizira n'kulekana kukatentha. Anapanga pulasitiki wolimba, woonekera ngati galasi. Akang'aluka, ankagwirizitsa mbali ziwirizo n'kutenthetsa kupitirira madigiri 120; mfundo zina zinkamasuka, ndipo pozizira zinkamangananso, zina mwa izo zitawoloka mng'alu. Ankatha kubwereza kangapo. Apa m'pamene kupola ndi kukonzanso zinakumana, chifukwa ukonde umene mfundo zake zimamasuka kuti utseke mng'alu ukhozanso kumasuka kuti uumbidwe chinthu china. Choopsa chake n'chakuti mfundo zikamasuka zambiri nthawi imodzi, chinthucho chimafewa mwadzidzidzi.

Ku Paris, Ludwik Leibler ndi anzake anatenga njira ina mu 2008. Anapanga mphira kuchokera ku mafuta a mbewu ndi urea, yemwe uja timamudziwa pa feteleza. Mu mphira ameneyu timamolekyu timagwirana ndi kukokana kofooka kotchedwa hydrogen bond, komwe kamagwirizitsanso mamolekyu a madzi. Kamodzi n'kofooka, koma tikachuluka timagwira. Ankadula mphirayo pakati ndi lezala, n'kugundanitsa nsonga ziwirizo ndi manja kwa mphindi zingapo popanda moto uliwonse, ndipo ankakokekanso. Panali chinthu chimodzi chochititsa chidwi: akasiya nsonga zodukazo nthawi yaitali asanazigundanitse, kupola kunkachepa. Timanja timene tatsala opanda mnzake pa bala paja sitidikira mpaka kalekale. Timapeza anzathu mbali yomweyo n'kugwirana nawo. Mu 2017 ku yunivesite ya Tokyo, wophunzira wina wa Takuzo Aida, dzina lake Yu Yanagisawa, akufufuza za guluu, anapeza mwangozi polima yolimba ngati galasi imene zidutswa zake zinkagwirana akazikanikiza ndi zala kwa masekondi 30. Zimenezi zinadabwitsa chifukwa zinthu zopola popanda moto nthawi zambiri zimakhala zofewa.

Koma chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu pa zonsezi ndi chimene Leibler yemweyo, pamodzi ndi Damien Montarnal, Mathieu Capelot ndi François Tournilhac, anatulutsa mu 2011, n'kuchitcha vitrimer. Nzeru yake ndi yosavuta kuinena. M'malo moti mfundo imasuke kaye kenako idzamangidwe, mfundo yatsopano imamangidwa pa nthawi yomweyo imene yakale ikumasuka. Iwo anatenga epoxy wokhala ndi malumikizidwe otchedwa ester, n'kuonetsetsa kuti m'katimo mwatsala timanja tambiri topanda chogwira, n'kuthiramo mchere wa zinki ngati catalyst. Pakatentha, kadzanja kopanda chogwira kamafika pa mfundo yapafupi n'kulanda malo a kamene kanalipo. Kolandidwako kamasanduka kopanda chogwira, nako n'kupita kukalanda pena. Kusinthana kumeneku kukuchitika paliponse m'katimo, koma mukati muwerenge mfundo pa mphindi ina iliyonse, chiwerengero chake n'chomwecho. Ukonde sunasiye kukhala ukonde, komabe ukutha kusintha maonekedwe.

Zotsatira zake n'zachilendo. Kukazizira, kusinthanako kumachedwa kwambiri moti tinganene kuti kwaima, ndipo vitrimer amakhala ngati epoxy wamba, wolimba, wosasungunuka m'mankhwala. Mukamutenthetsa safewa mwadzidzidzi. Amafewa pang'onopang'ono monga limachitira galasi pamoto, choncho mukhoza kumupinda ndi mpweya wotentha popanda chikombole, kumuwotcherera ndi chidutswa china, ngakhale kumupera n'kukhala ufa, ufawo n'kuukanikiza pamoto mpaka utakhalanso chinthu chimodzi. Ndiye kuti ntchito ya wokonza bampala uja yatheka pa gulu limene kwa zaka 100 aliyense ankati n'losakonzeka. Kuyambira pamenepo malabotale ambiri apeza malumikizidwe ena osinthana chonchi. Ena mwa iwo ndi a maatomu awiri a sulufule, ndipo ku San Sebastián ku Spain anapanga nawo mphira wa polyurethane wopola popanda moto. Izi zimapatsa chiyembekezo pa matayala, popeza mfundo zake ndi za sulufule kale.

Pali chinthu chimodzi chimene sichithawika. Mfundo zikamasinthana mosavuta, chinthucho chimapola msanga ndipo chimaumbika msanga, komanso chimagonja pang'onopang'ono chikasenza katundu nthawi yaitali. Shelufu imayamba kupindika, paipi imatupa. Mukalimbitsa mfundo kuti zimenezi zisachitike, pamafunika moto waukulu ndi nthawi yaitali kuti muumbe, pamene fakitale yozolowera kutulutsa chivindikiro m'masekondi ochepa singadikire. Kafukufuku wambiri wa masiku ano ali pa kampata kameneka: kupeza mfundo yogona tulo pa madigiri 60 koma yodzuka msanga pa 180. Catalyst nayenso amakalamba kapena kutuluka, ndipo malumikizidwe a ester sagwirizana ndi madzi otentha.

Kubweza pulasitiki kumene anachokera

Njira ina ndi yodula polima yonse mpaka ibwerere kukhala timamolekyu toyambira tija, n'kutitsuka, n'kulumikizanso. Ubwino wake ndi woti utoto ndi zosakaniza zonse zimatsalira, ndipo chotuluka chimafanana ndi chatsopano. Mu 2014 kunalengezedwa kuti Jeannette García wa ku labotale ya IBM ku California anaiwala kuthira mankhwala amodzi, n'kupeza chimwala cholimba m'botolo lake moti anachita kuswa botololo ndi hamala. Chinali thermoset wolimba kwambiri amene asidi wamphamvu wa sulufule amamubweza ku zoyambira zake. Mu 2019 gulu la Brett Helms ku Berkeley linapanga dala pulasitiki wotchedwa PDK, amene amamasuka mu asidi wamphamvu popanda kutenthetsa, ngakhale atasakanikirana ndi mapulasitiki ena ndi utoto wamitundumitundu.

Zamoyo nazo zalowapo. Mu 2016 ofufuza a ku Japan analengeza za bakiteriya amene anamupeza pamalo okonzera mabotolo mu mzinda wa Sakai, n'kumutcha Ideonella sakaiensis. Iye amatulutsa enzaimu (catalyst wopangidwa ndi zamoyo) yodula PET n'kumadya zidutswazo, ngakhale kuti amachita pang'onopang'ono kwambiri. Mu 2020 kampani ya Carbios ya ku France ndi ofufuza a ku Toulouse anasintha enzaimu ina, imene inapezeka koyamba mu manyowa a masamba, mpaka inatha kudula 90 pa 100 ya PET m'maola 10. Anamanga fakitale yoyesera ku Clermont-Ferrand mu 2021, koma chakumapeto kwa 2024 analengeza kuti ntchito yomanga yaikulu ku Longlaville ichedwa chifukwa cha ndalama.

Nyuzipepala zimakonda mutu woti kwapezeka tizilombo todya pulasitiki, ndipo owerenga amaganiza kuti mtaya wa Robinson Deep wa ku Joni utha posachedwa. Ayi. PET amadulika chifukwa mu ulusi wake muli malumikizidwe a ester, malo ofooka obwerezabwereza amene enzaimu imadziwa kugwirapo. Polyethylene ndi polypropylene, amene pamodzi ali pafupifupi theka la pulasitiki yense wopangidwa, msana wawo ndi kaboni pa kaboni kuyambira kumutu mpaka kumchira, wopanda pogwira. Kuti muwadule mumawaphika pa madigiri 400 kapena kupitirira popanda mpweya, n'kupeza mafuta osakanikirana amene nthawi zambiri amakathera mu injini kapena mu ng'anjo. Ena amatcha zimenezi kukonzanso. Kwa ine pulasitiki amene wasanduka dizilo n'kupsa wangowotchedwa mozungulira.

Pa za kupola napo pamafunika kusamala ndi amalonda. Nissan inatulutsa penti yotseka yokha mikwingwirima mu 2005, LG inatulutsa foni ya G Flex mu 2013 yokhala ndi msana wochita zomwezo, ndipo mapepala oonekera omata pa boneti amene amagulitsidwa m'mashopu a galimoto kuno amafafaniza tizikanda akawombedwa dzuwa kapena kuthiridwa madzi otentha. Zimenezi n'zoona, koma ndi tizikanda ta pamwamba, pamene pulasitiki wangokankhidwira pambali n'kubwerera m'malo. Mpeni ukadula mpaka pansi, palibe chimene chimachitika. Ngakhale m'labotale, mbali ziwiri zodukazo zimayenera kugundana bwinobwino, zili zoyera, popanda fumbi kapena mafuta, ndipo ngati chidutswa chagwa n'kutayika palibe choti chidzaze dzenjelo. Phindu lenileni la kupola lili pa timing'alu tosaoneka ndi maso, timene timayamba m'kati mwa phiko la ndege, mu penti yoteteza chitsulo ku dzimbiri kapena mu batire, n'kumakula mwakachetechete mpaka tsiku la ngozi. Kutseka timeneti tidakali tating'ono kungawonjezere zaka pa moyo wa chinthu, ndipo chinthu chokhalitsa sichifika msanga mu bini.

Chotsala ndi mtengo, ndipo apa kemisitiri ilibe mawu omaliza. Pulasitiki watsopano ndi wotchipa kwambiri, ndipo mafuta akatsika mtengo amatchipiratu. Mu 2019 kampani ya Mpact inatseka fakitale yake yokonzanso PET ku Wadeville komweko chifukwa mtengo umene inkagulitsira sunkabweza zimene inkawononga, chonsecho PET ndi amene amakonzeka bwino kuposa onse. Polima yatsopano yochokera mu labotale ikupikisana ndi zinthu zimene mafakitale akhala akuzitchipitsa kwa zaka 70. Ndipo ikalowa pamsika ili yofanana maonekedwe ndi zakale, imabweretsa chisokonezo. Zachitika kale ndi PLA, pulasitiki wopangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe: kapu yake imafanana ndi ya PET, koma imasungunuka pa kutentha kotsika, ndipo ikalowa m'belo la PET imaliwononga. Amene akusankha katundu m'bandakucha ndi magolovesi ong'ambika alibe makina ounikira. Amadalira maso, kulemera ndi kalilidwe ka botolo akalifinya. Wopanga polima yatsopano amene sanaganizire zimenezi sanamalize ntchito yake. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, okakamiza opanga katundu kulipirira kutolera ndi kukonzanso zopakira zawo, kuphatikizapo kandalama kopita kwa otolera olembetsedwa, akhoza kusintha zambiri kuposa molekyu ina iliyonse, ngati atatsatidwa.

Za jumbo yopyapyala ndiye sindikuonapo mankhwala a mu labotale. Imasungunuka bwinobwino, koma ndi yopepuka komanso yakuda moti kuti munthu adzaze kilogalamu imodzi amakhala atawerama kangati? N'chifukwa chake kwathu ku Malawi boma linasankha kuletsa majumbo opyapyala amene kukhuthala kwake sikufika ma micron 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti makampani anapitiriza kukokana nalo m'makhoti pamene mtsinje wa Mudi ukudzazabe.

Kumene zinthu zatsopanozi ziyambire kugwira ntchito ndi kumene katundu wake ndi wamkulu, wodula, mwini wake ndi wodziwika, ndipo akatha ntchito amapezeka pamalo amodzi. Ulusi wa kaboni wa mu ndege ndi m'magalimoto odula uli m'gulu limeneli, popeza ukasungunula utomoni womangira umapulumutsa ulusi wamtengo wapatali. Chimodzimodzinso mapiko a makina opangira magetsi ndi mphepo, amene ndi faibagalasi womangidwa ndi epoxy kapena utomoni wofanana naye, ndipo m'mayiko ena akhala akudulidwa n'kukwiriridwa. Mu 2021 Siemens Gamesa inatulutsa phiko la utomoni umene umamasuka mu asidi wofatsa wotenthetsedwa, kusiya ulusi wagalasi, matabwa ndi zitsulo zili padera, ndipo oyamba anaikidwa panyanja ku Kaskasi ku Germany mu 2022. Ku Jeffreys Bay ku Eastern Cape kuli makina 60 amene akhala akuzungulira kuyambira 2014, lililonse la mapiko ake atatu lotalika mamita 49. Amenewo anaumbidwa utomoni watsopanowu usanabwere, ndipo mgwirizano wawo wogulitsa magetsi ku Eskom ndi wa zaka 20.